Malo Awiri M'lole ya ku Chembe

Lolemba

Zatheka! A Zulu, oyendetsa lole pano pa Kamwendo, akupita kunyanja Lachinayi ndi mtedza, kuti akabwereko ndi usipa. Akafika mpaka ku Chembe, pa ndomo penipeni. Kutsogolo kuli malo a anthu awiri: ine ndi mkazi wanga Naphiri.

Ndomo ndi mtunda wa miyala umene umalowa m'nyanja ngati mlomo wa mbalame, uku madzi, uku madzi. Chaka ndi chaka ndimaijambula pa bolodi, ana n'kumakopera, koma madzi aakulu amene maso angawa anaonapo ndi Bua akasefukira. Zimene ndikufuna kukaona ndekha:
- Kodi mafunde amadyadi mwala? Amayambira kunsi?
- Mphepo imaomba kuchokera mbali zonse ziwiri nthawi imodzi?
- Mbuzi za kumeneko zikafika pothera mtunda zimatani?

Lachiwiri

Zonyamula: makhadi a chipani (langa ndi la Naphiri), chipewa, chingwe choyezera, kanyundo kogumulira mwala. Ndametetsa tsitsi kuti apolisi a panjira asapeze chonena.

Nkhani yafala. Amayi busa akufuna usipa. Anamwino akufuna mchenga woyera m'botolo. A Banda a pagolosale akuti, "Aphunzitsi, mukationereko ngati tsidya linalo limaonekadi." Ndikuwafotokozera bwinobwino za kupindika kwa dziko, lalanje lili m'manja. Akugwedeza mutu. Lalanjelo adya.

Lachitatu

Apongozi atulukira kuchokera ku Kapondo ndi dengu la ufa, nkhuku m'khwapa. Sanabwere kudzationa ayi. Mng'ono wawo anakwatiwa ku Chembe kalekale, ndipo chikwatiwireni sanaonanenso. Izi ndikumva kudzera mwa Naphiri, pakuti ine ndi apongozi sitiyang'anana kumaso. Iwo akakhala pakhonde, ine ndimadzera kuseri kwa nkhokwe. Ndiwo ulemu wa mkamwini, ndipo ndimaukonda. Lero lokha wandikhalira pakhosi.

Ndajambula mpando wa lole pamchenga, ndikusuntha timiyala, a Zulu akuonerera.
- Naphiri atsale. Ndiye kuti ine ndi apongozi, phewa ndi phewa, tsiku lathunthu, lole ikutigundanitsa pa mabampu a ku Golomoti. Ayi ndithu!
- Tikwere tonse atatu, Naphiri pakati. A Zulu aseka mpaka kutsokomola: "Nanga giya ndizikasinthira pa bondo la agogo?"
- Ine pamwamba pa matumba. "Apolisi akatigwira, aphunzitsi. Pokhapokha tikusokereni m'thumba, tikanene kuti ndinu mtedza wa chalimbana."

Njira yachinayi sindinaijambule. Aliyense akuiona.

Lachinayi

Dengu ndakweza ndekha, nkhuku ndamanga ndekha. Naphiri ndamupatsa chingwe ndi kanyundo, ndikumufotokozera poti akaime ndi koti akayang'ane. "Ndamva, bambo a Chifundo, mwayamba kunena zimenezi tambala asanalire."

Apongozi akhala pamalo panga, nkhope atembenuzira kumbali. Akuuza mwana wawo: "Uwauze aphunzitsi kuti nkhuku za pakhomozi zisagone panja."

Fumbi kobo! Apita.

Lachisanu

Kutentha. Panopa mwina ali pamwamba pa miyala ija.

Ndaumba ndomo yanga ndi dothi la pachulu m'beseni lochapira. Ndathira madzi, ndikupanga mafunde ndi mbale. Ikugumukadi kuyambira kunsi! Ndafuula ndekha pabwalo. A Banda akudutsa pa njinga: "Aphunzitsi, mayi angochoka dzulo, mwayamba kale masanje?"

Ndalowa m'nyumba kukatenga pensulo. Potuluka ndapeza bakha wa aneba wakhala pa ndomo yanga. Palibenso ndomo. Pali bakha.

Loweruka

Abwera! Nyumba yonse fungo la usipa. Ndadikira Naphiri amwe madzi kaye, kenako mafunso.

Mafunde? "Tinali kukhitchini, bambo. Anthu osaonana zaka zonsezija, kulira, kuseka, kuliranso. Ndikanawasiya?"

Mphepo? "Inalipo."

Mbuzi? "Imodzi tinadya."

Chingwe choyezera chamangira matumba a usipa. Kanyundo katsala komweko, akuti amuna a mayi ake aang'ono akakonda. Amayi busa alandira usipa wawo, anamwino mchenga wawo. Aliyense wapeza chake.

Lamulungu

Tabwera kutchalitchi, apongozi akukonzeka kubwerera ku Kapondo. Ine ndili kuseri kwa nkhokwe monga mwa nthawi zonse. Ndikumva akuitana Naphiri, mawu okwera dala kuti andifike.

"Uwauze kuti dzulo m'mamawa, iwe ukadali m'tulo, ndinakwera ndekha mpaka pamene miyala ikuthera. Uku madzi, uku madzi, kutsogolo madzi. Kunsi kwake madzi anafukula mphanga, akalowamo amalira ngati ng'oma. Mphepo siidziwika kochokera, inandilanda duku. Mbuzi zikafika pamenepo zimangoima n'kumayang'ana. Inenso ndinangoima."

Amasula mfundo ya pachitenje, asiya kanthu pakhonde. Ndaomba m'manja chogwada, maso ku nkhokwe.

Atapita ndakatenga. Mwala wongokwana m'dzanja, mbali imodzi yokhakhala, inayo yosalala ngati dzira. Sukulu ikatsegulidwa ndidzauika m'beseni kuti ana aone, bakha ali kutali.

A Zulu akuti adzapitanso chaka chamawa, malo ndi awiri omwewo. Naphiri akuti apongozi aitanidwanso ndi mng'ono wawo. Ndayamba kukonza mafunso ena oti adzandionereko.