Mafuta a Akuzike

Anzanga, zimene ndalota usiku wathawu sizikundichoka m'mutu mpaka pano. Thirani kaye tiyi, a Nkhata, mukhale pansi mumve.

Ndinalota ndili mu labotale mwathu momwemuno, nditavala chovala changa choyera, ndikusinja chipatso cha mvunguti m'kamtondo. Ndiye chipatsocho chinatsokomola n'kunena kuti, "Mayi Mtambalika, sinjani mwaulemu, ndili ndi nyamakazi ine." Sindinadabwe ayi, ndinangopepesa. Ndiye maikulosikopu yopindika khosi ija, imene imakhala pakona apo, inatembenuza diso lake limodzi lija n'kunena kuti, "Zaka zonsezi mumangosuzumira mwa ine. Lero ndisuzumireko mwa inu." Inandiyang'ana pachifuwa kwa nthawi ndithu. "Muli munthu m'menemo," inatero. "Wavala chipewa chachikulu."

Ndinadziwa kuti ikunena Akuzike. Inu a Nkhata simunamuone, munabwera kuno titamuika kale m'manda. Anali mlongo wanga wamng'ono, wobadwa ndi khungu lachialubino, wokonza mawailesi pamsika kwathu ku Balaka. Dzuwa linamudya makutu ndi khosi, zilonda zosapola, mpaka adokotala anati ndi khansa. Ntchito yofufuza mafuta a khunguyi ndinailowa chifukwa cha iyeyo, koma sanadikire.

Mwadzidzidzi ndinamva nthungululu patebulo. Mafuta a njere za malambe ankakwatirana ndi madzi a mvunguti m'kabotolo, supuni ndiye inali ankhoswe. Inu mukudziwa kuti mpaka lero mafuta amenewa sitinamalize n'kuwayesa komwe, amangolekana, awa pamwamba awa pansi. Koma m'malotomo anagwirizana, osalala ngati chambiko. Kabotoloko kanandikodola. "Ndinyamuleni msanga," kanatero, "munthuyo akudikira padzuwa."

Ndiye ndinatsegula chitseko kuti ndituluke, koma m'malo mwa khonde ndinapeza chipinda cha msonkhano, akuluakulu ovomereza mankhwala atakhala ndondondo. Wapampando anali bambo wonenepa wa suti yabulauni. "Mayi," anatero, "nkhani yanu ndi yabwino zedi. Tidzaikambirana tikadzakumana kuti tigwirizane tsiku lodzakumana." Akulankhula choncho khosi linayamba kulowa m'kolala, suti inauma n'kusanduka chigoba, ndipo pampandopo panatsala kamba wovala magalasi.

Ndinatembenukira kwa mayi amene anali pambali pake. "Chonde amayi, mlongo wanga akupsa."

"Ndavomereza," anayankha, n'kubiriwira thupi lonse. "Sindinavomereze," anateronso, n'kuda bii. Diso limodzi linayang'ana ine, lina kudenga. Anali atasanduka bilimankhwe, mwendo umodzi uli m'mwamba, osaponda, osabwerera.

"Kodi munayesa pa mbewa?" anafunsa kamba ali m'chigoba.

Ndiye mbewa zathu za m'makola zija zinalowa pamzere, zitavala zitenje zofanana ngati amayi a kwaya. Yaikulu inagwada n'kunena kuti, "Bwana, tadzola ife. Taonani m'mene tikuwalira. Amuna athu sakuyendanso usiku." Koma kamba anali atagona tulo.

Mwadzidzidzi bambo wina wa kolala yoyera anandigwira mkono. "Mafuta ngati awa si odzoza anthu a kumudzi," anatero monong'ona. "Tiwathire m'botolo lagolide, tikagulitse kunja kwa azimayi oopa makwinya." Mlomo unamutalikira, mikono inamera nthenga, khwangwala uyu! Anajompha chivindikiro, ine ndinabisa kabotolo m'kamisolo n'kuliyatsa liwiro.

Ndiye ndinapezeka ndakwera minibasi yosema pa thunthu la mlambe. Kondakitala anali firiji yathu ya zoyesera ija, ikunjenjemera monga imachitira magetsi akachepa. "Balaka, Balaka, wotsala m'modzi wolira!" inkaitanira. Ndinati ndine. Msewu unkasungunuka ndi kutentha, ndipo mitengo ya m'mbali inkatithamangira, uliwonse ukukuwa kuti, "Ndiyeseni inenso! Ndili ndi kanthu m'khungwamu!" Nimu anafika mpaka pawindo, akulira misozi yowawa. Ndinamuuza kuti ndibweranso, lero ndili ndi ulendo.

Mwadzidzidzi kunangoti zii. Ndinali pamsika kwathu, koma munthu analipo m'modzi yekha. Akuzike anakhala pa benchi lake lija, wailesi ili pamiyendo, nkhope ataiyandikiza kwambiri ku timawaya monga ankachitira chifukwa cha maso. Chipewa chinali pansi. Dzuwa lili paliwombo, iye mutu uli pamtunda.

"Iwe, vala chipewa!" ndinakuwa.

Anadzutsa mutu n'kuseka. Kaseko kake komwe kaja, anzanga, kotsekera diso limodzi. "Achemwali, simunasinthe. Moni simupereka, mumayamba ndi chipewa."

"Ndabweretsa mafuta aja. Atheka tsopano."

"Munachedwatu."

"Anandichedwetsa ndi kamba."

"Eya, amatero amene uja," anatero, ngati amadziwana.

Ndinagwada pambali pake, ndinatapa mafuta ndi chala. Ndinafufuza zilonda zija kukhosi, kuseri kwa makutu, koma panalibe ngakhale chipsera. Ndinamudzozabe. Khungu lake linali lofunda, a Nkhata, lofunda ngati la munthu amene wangodzuka kumene. Anatsinzina n'kunena kuti, "Akuzizira bwino. Akununkhira ngati mvula yoyamba." Ndinadzoza khosi, mphumi, mikono, mafuta osatha m'kabotolo, ine osafunanso kuti athe.

"Tiye kunyumba," ndinamuuza. "Amayi amakuyalirabe mphasa yako."

"Tipita. Ingodikirani ndimalize wailesi iyi, mwini wake wadikira nthawi yaitali. Ikangolira, tinyamuka."

Ndiye ndinakhala pansi, n'kugwira m'mphepete mwa malaya ake kuti asandithawe. Analumikiza kawaya kofiira, anapukusa kachitsulo pang'onopang'ono. Ndinasiya n'kupuma komwe. Wailesi ija inayamba kuti tsssss, kenako kho, kho, kho, ndipo iye anandiyang'ana, pakamwa patatseguka kuti anene kanthu.

Ndinadzidzimuka. Unali mpopi wa kubafa kwanga, umene ndinausiya wotsegula dzulo madzi atasiya. Unkatsokomola, madzi akubwerera. M'dzanja langa ndinali nditafumbata nsonga ya bulangete. Ndinakhala choncho kaye, osaisiya, mpaka ndinamva ndowa ikusefukira.