Tsiku limene Che Lusulo anandichezera

Anthu a ku Mangochi amene amandidziwa sanditchula dzina limene anandipatsa makolo. Amanditchula dzina la mlendo wina amene anandiwonongera golosale, nanditengera tambala, natsala pang'ono kundilowetsa m'ndende. Ndikuuzani mmene zinayendera, koma museke mwaulemu, ndine munthu wamkulu tsopano.

Ndinafika ku Mangochi kuchokera kwathu ku Dedza nthawi ya chipani chimodzi, masiku amene khadi la chipani linali lofunika kuposa nsapato (wopanda nsapato ankalowa mumsika, wopanda khadi ankabwerera pachipata). Ntchito yanga inali yogula usipa ndi utaka wouma kunyanja n'kumakagulitsa kumtunda. Pa nkhani yonenerera mtengo panalibe wondiposa. Msodzi akanditchulira mtengo ndinkagwira pamtima ngati wandiuza uthenga wa maliro, kenako n'kuyamba kuchokapo pang'onopang'ono, khutu ndalisiya m'mbuyo. Ndinkakhulupirira zinthu ziwiri: kuti palibe munthu amene sangatsitse, ndiponso kuti aliyense wokuchenjeza ali ndi chake chimene akufuna.

Chaka china boma linatsegula malo a nyumba zatsopano kutsidya kwa mlatho, chakunjira yopita ku Chowe. Anagwetsa mitengo, analambula timisewu, anakhoma zikhomo, ndipo m'mbali mwa mzere uliwonse anakumba ngalande. Ngalande zonsezo zinkathira mu imodzi yaikulu yoyalidwa miyala, imene inkatsetsereka mpaka kukalowa m'kalavati pansi pa msewu, n'kupitirira ku Shire.

Kalaliki wogawa mapuloti anandionetsa puloti yakumunsi kwenikweni, yotakasuka kuposa zonse, imene aliyense ankangoilambalala. Mtima wanga unadumpha, koma nkhope ndinaikwinya. Ndinainyoza pulotiyo kuti ili kutali, kuti ndi mchenga wokhawokha, kuti chingalande chija chikundidyera malo. Ndinati ndingathe kuitenga mongowathandiza, akandiwonjezera kachigawo ka kutsidya kwa ngalandeyo mpaka kumsewu. Kalalikiyo anavomera ndisanatsirize n'komwe kulankhula. (Wamalonda aliyense amadziwa kuti wogulitsa akavomera msanga, uyenera kupisa dzanja pansi pa dengu n'kununkhiza. Ine ndinangoti mwana wasukuluyu wakumana ndi akuluakulu.)

Nyumba ndinamanga, ya malata ngati za anzanga onse. Itatha, maso anga anagwera pa ngalande ija. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Mangochi lili pamutu, loti ngakhale buluzi amawoloka msewu akudandaula. M'ngalandemo munali fumbi ndi mbuzi zogona. Ine ndinaonamo miyala yaulere, yosemedwa kale, komanso malo abwino oyang'ana kumsewu. Ndinazula miyalayo, ndinakwirira ngalande ndi dothi, ndipo pamwamba pake pomwepo ndinayamba kumanga kagolosale. Maziko ake anali miyala ya boma yomwe ija. Ndinkadzitcha munthu wosataya kanthu.

Woyandikana nane chakumtunda anali Che Saidi, telala, mbadwa ya komweko. Ine ndi iwo tinali ndi kankhani kathu. Nditangofika anandisokera buluku, ndipo ndinawanenerera kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya swala ya masana, kufikira anangoti nditenge ndizipita, angachedwe kumzikiti. Kuyambira pamenepo ankandipatsa moni waulemu kwambiri, ulemu wake wochititsa mantha.

Tsiku lina anaima pamalire, tepi ili m'khosi, akuyang'ana khoma langa likukwera.

"Achimwene, apatu mwamanga panjira ya lusulo."

"Lusulo ndiye ndani?"

Anachotsa singano imene anailuma pakamwa, naibaya pa kolala ya malaya awo bwinobwino. (Inu a ku Mangochi mwayamba kale kuseka. Adikireni anzanu.)

"Simuwadziwa? Amakhala kumtunda uko, kumapiri. Amatsika mvula ikakhwima, ndipo njira yawo ndi yomweyi, chiyambire makolo athu."

Ndinafunsa ngati Che Lusulowo anali ndi mapepala a malowo. Che Saidi anati alibe ngakhale limodzi. Ndinati basi abwere tidzakambirane, palibe munthu amene sangatsitse. Iwo anati vuto lake ndi lakuti mkuluyo samva Chichewa, ndipo ngakhale Chiyao chimene sayankha. Ndinafunsa kuti amagwira ntchito yanji.

"Amangoyenda. Akapeza mbuzi amatenga, akapeza nkhuku amatenga, chimanga amatenga. Salipira, ndipo palibe amene anakawasumirapo."

Apa ndiye ndinamvetsa zonse, kapena kuti ndinaganiza choncho. Masiku amenewo munthu wotenga mbuzi za eni osalipira, popanda womusumira, sankakhala wakuba. Ankakhala wamkulu wa chipani wosonkhetsa mphatso. Ndinatsitsa mawu n'kufunsa ngati anali wa ku boma kuno kapena wa kuchigawo. Che Saidi anayang'ana kumwamba, nati iwo ndale sazidziwa, koma chimene akudziwa n'chakuti ngakhale a DC amawapatukira.

Ndiyenera kunena chilungamo: Che Saidi sanandinamize ngakhale liwu limodzi. Ndakhala ndikuwabwereza mawu awo zaka zonsezi kufunafuna bodza loti ndiwagwire nalo, koma mulibe.

Ndinayamba kukonzekera mlendo. Ndinagula tambala wonenepa, wakuda ndithu kuti agwirizane ndi chizindikiro cha chipani, n'kumumangirira kuseri kwa golosale. Ndinakonza ndi mawu oti ndidzanene: ndidzayamba ndi kudandaula za umphawi, kenako ndidzatchula za ana, tambala adzatuluka pomalizira. Mkazi wanga, amake Dalitso, ndinawatuma kuti akafufuze kumpopi kuti Che Lusulo amakonda chiyani. Anabwerako atakwiya, akuti azimayi anaseka mpaka wina anagwetsa ndowa, ndipo winanso anati mkuluyo amakonda kulowera khomo lakuseri. Amake Dalitso anati pali chimene anthuwa akutibisira, ndipo chingalande chija boma silinakumbe kuti mbuzi zizigonamo. Ine ndinawafotokozera modekha, monga mwamuna wodziwa zinthu, kuti anthu akaona mnzawo wapeza malo abwino amayamba kumuopseza kuti awasiyire.

Golosale inatha mu Januwale. Mashelefu ndinadzaza sopo, shuga, mchere, machesi ndi mafuta a nyale. Chinatsala chinthu chimodzi chimene sitolo iliyonse inkayenera kukhala nacho isanatsegulidwe: chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko, chopachikidwa pamwamba kuposa china chilichonse, ngakhale wotchi. Achinyamata a lero sangamvetse. Nkhope imene ija sinali yoseweretsa. Ife ogulitsa nsomba tinkayamba tatembenuza nyuzipepala mbali zonse tisanakulungire usipa, chifukwa tinkamva za anthu amene anapita kukakhala zaka kumalo osadziwika pa nkhani yaing'ono kuposa imeneyo. Chithunzi changa chinali cha felemu yathabwa ndi galasi (nachonso ndinanenerera, koma monong'ona). Popeza laimu wa pakhoma anali asanaume, ndinachitsamiritsa pansi, pafupi ndi khomo, kuti ndidzachipachike m'mawa mwake.

Masana a tsiku limenelo kumapiri kunada bii. Kumunsi kuno mvula inayamba ngati yocheza, kenako inatsanulidwa. Ndili pakhomo la golosale ndinaona chinthu chimene sindinachiganizirepo. Kale malo aja ali tchire, madzi ankalowa pansi. Tsopano denga lililonse la malata linkakhuthulira madzi pabwalo losesedwa mbee, bwalo linkapereka ku kangalande, kangalande kankapereka ku kanzake, ndipo zonsezo, pamodzi ndi madzi ochokera kumapiri, zinkathamangira ku ngalande yaikulu. Ngalande yaikuluyo inali pansi pa mapazi anga, nditaikwirira ndi manja anga.

Ndinamva mkokomo ngati lole ikutsika phiri yopanda mabuleki. Kenako ndinamva Che Saidi akuitana ali pakhonde pawo, mawu awo okoma ngati akuitanira tiyi.

"Achimwene, alendo anu aja afika. Lusulo m'Chiyao ndi mtsinje. Kambiranani."

Analoweradi khomo lakuseri, monga ananenera mayi wa kumpopi. Chitseko chinangoti phwa, madzi ofiira ofika m'mawondo n'kudzaza golosale. Tambala anapita poyamba, chingwe chake ndi chikhomo chomwe. Shuga anasungunuka m'mapaketi, sopo anayamba kuchita thovu, ndipo ine ndinakwera pakauntala n'kumakuwa kuti dikirani, ngati pali amene akundimva. Ndili pamenepo ndinaona chithunzi chija chikunyamuka. Chinagona chagada pamadzi, chinazungulira kamodzi ngati chikuyendera mashelefu, n'kutuluka khomo lakumaso mwaulemu wake wonse.

Za shuga ndinaiwala pomwepo. Ndinalumphira m'madzi n'kuyamba kuchithamangitsa. Popeza njira ya kukalavati inali yotsekeka, madziwo anakwera pamwamba pa msewu n'kulunjika nyumba ya kutsidya. Nyumbayo inali ya a tcheyamani a nthambi yathu ya chipani. Buluku langa (lomwe lija la Che Saidi) linalemera ndi matope n'kuyamba kutsika, ndiye ndinkathamanga dzanja limodzi lili m'chiuno, lina likuloza kutsogolo. Ndinagwa, ndinadzuka, ndinamwa madzi a m'ngalande za mzere wonse. Anthu anali m'makonde mwawo akuonerera, koma atazindikira chimene chinkayandama patsogolo panga, kuseka kunazima khonde ndi khonde, ena n'kulowa m'nyumba kuti asadzakhale mboni.

A tcheyamani anali pakhonde pamodzi ndi anyamata a chipani a malaya ofiira amene anabisala mvula pamenepo. Madzi anali atadzaza kale bwalo lawo. Chithunzi chinafika, chinagunda sitepe, n'kuima pomwepo chikuwayang'ana. Ine ndinafika pambuyo pake, ndikupuma ngati galu.

Anyamata aja anaimirira. M'maganizo ndinaona amake Dalitso akulera okha ana, ndinamva dzina langa likutchulidwa monong'ona kumsika. A tcheyamani analoza pansi ndi chibwano.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

Pakamwa pamene panandilowetsa m'mavuto ndi pomwe panayamba kugwira ntchito, mutu usanavomereze.

"Akuyendera, bwana. Amva kuti kuno kuli chitukuko cha nyumba zatsopano, ndiye abwera kudzaona okha mmene ngalande zikugwirira ntchito."

Inali nyengo imene Mtsogoleri ankayendera mbewu m'minda, ndipo wailesi inkangonena zomwezo. Ndinaona a tcheyamani akuyeza nkhaniyo m'mutu. Kuti anditsutse, anayenera kunena ndi pakamwa pawo, pamaso pa anyamata aja, kuti Mtsogoleri wakokoloka ndi madzi. Mawu amenewo panalibe munthu m'dziko muno amene akanawatulutsa. Anatsika sitepe, anatola chithunzicho ndi manja awiri, anachipukuta ndi malaya awo, n'kuchipereka kwa mnyamata mmodzi kuti achigwire m'mwamba.

"Ndiye pa ulendo wawowu apeza zotani?"

"Apeza kuti pali chitsiru china chimene chinakwirira ngalande, bwana."

"Chitsirucho chili kuti?"

"Ndabwera nacho, bwana."

A tcheyamani anati popeza nkhaniyi yaonedwa ndi akuluakulu eni ake, iyenera kukonzedwa mwachangu. Ndigwetse golosale, ndifukule ngalande, ndibwezere mwala uliwonse pamalo pake, ndichotsenso matope m'ngalande zonse za mzere wathu kuyambira kumtunda mpaka kukalavati, komanso pabwalo pawo. Chizolowezi ndi matenda: ndinamva lilime langa likuyamba kunena kuti mwina theka la mzere lingakwane. A tcheyamani anangotembenukira kwa anyamata aja. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinavomera mtengo woyamba, n'kuwonjezerapo ndekha kuti ndiwakonzeranso mpanda.

Ntchitoyo inanditengera dzinja lonse. Amake Dalitso sananene kuti anandiuza. Ankangobwera ndi madzi akumwa, n'kuima pamwamba pa ngalande, n'kundifunsa ngati pali chinanso chimene ndikufuna akafufuze kumpopi. Che Saidi anasamutsira makina awo pakhonde kuti azisoka akundiona, ndipo aliyense wodutsa ankamuuza kuti apereke moni kwa Che Lusulo, akuloza ine. Dzinalo linandikakamira. Buluku lija linang'ambika pa ntchito yomweyo, ndipo nditapita nalo kwa iwo ananditchulira mtengo wokwera ngati wa suti. Ndinatsegula pakamwa, iwo n'kuyang'ana kumapiri, ine n'kutseka.

Ngalandeyo ilipo mpaka lero, ndipo ndimaisamala kuposa bwalo langa. Wina akataya zinyalala m'menemo amandimva. Koma ndisakunamizeni kuti ndinasinthiratu. Ndimaonabe kuti nkhani ija sinathe bwino, chifukwa tambala wanga mkuluyo analandira, ndipo kwathu munthu akalandira mphatso ndiye kuti wavomera kukambirana. Chaka chatha ndinabzala timizere ta tomato m'mphepete mwenimweni mwa ngalande, kungotapako pang'ono, malo osakwana ndi phazi lomwe, kuti ndione ngati ukalamba wawafewetsa mtima.

Anabwera mu Januwale. Anatenga tomato, anatenga ndi khasu.