A Laurenti Agula Laputopu pa Kilo

Inu, tamverani izi minibasi isanadzaze. Ngati munadutsapo pa Chinseu ku Ndirande, a Laurenti Namaona mukuwadziwa: aja amagula zitsulo zakutha kuseri kwa owotcherera mageti, chipewa chaubweya chili kumutu ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Zaka makumi awiri akhala akugula mapoto obooka, marimu ndi malata adzimbiri, ndipo sukulu yonseyo inawaphunzitsa phunziro limodzi lokha, lakuti chinthu chabwino chimalemera. Sikelo yawo yambedza ija ankaikonda kuposa abale awo ena. Anthu amati tsiku lomwe mwana wawo Faith anabadwa, anamwino asananene n'komwe ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, iwo anali atafunsa kale makilo.

Akazi awo, a Modesta, anakhala zaka zisanu ndi chimodzi satifiketi ili m'sutikesi, iwo akugulitsa mafirizesi pakhonde. Tsiku lina foni inalira. Bungwe lina linkafuna anthu oyenda khomo ndi khomo kulemba za madzi ndi zimbudzi mu Ndirande monse, ndipo dzina lawo linali litatuluka. Koma panali lamulo: Lolemba aliyense afike ndi laputopu yakeyake, apo ayi malo apita kwa wina. A Modesta sanachedwe, anagulitsa filiji, filiji yomweyo imene inkadyetsa banja zitsulo zikavuta. Ndiye mukuona nokha, kumbuyo kunalibenso kobwerera.

Lachisanu m'mawa anati, "Bambo a Faith, ine lero akutifuna ku ofesi kukasaina mapepala. Ku Limbe tipita limodzi mawa."

"Mawa? Kudikira chiyani ine ndilipo? Laputopu si chitsulo? Nanga zitsulo amazidziwa ndani mu Ndirande muno?"

A Modesta anawayang'ana nthawi yaitali, chifukwa awa ndi amuna amene anatumidwapo shuga n'kubwerako ndi nyundo yakale. Kenako anang'amba kapepala n'kulemba.

"Zinthu zitatu zokha. Ikhale yopepuka, poti ndiziyenda nayo tsiku lonse mpaka kuphiri uko. Batire likhale lokhalitsa. Akazule tchaja, muone ndi maso anu. Ndiye mukadine mabatani onse. Ndalama ndi izi, za filiji yanga. Chonde, bambo."

"Osadandaula," anatero a Laurenti, n'kulonga kapepala kaja m'thumba lakumbuyo, momwe amasungamo mapepala onse osafunika kuwerenga. Sikelo anaiponya m'jumbo. Munthu sapita kunkhondo wopanda chida.

Ku Limbe analowa m'kashopu ka Hamudi, bambo wofatsa, wandevu zometa bwino, amene amagulitsa malaputopu akaunjika, aja anagwirapo ntchito m'maofesi akunja n'kukonzedwanso, kupukutidwa mpaka mbee.

"Takulandirani, madala. Mukufuna yotani?"

"Yabwino koma yotchipa. Ndi ya mayi kunyumba, aziyenda nayo m'makomo."

"Ndiye mwafika." Hamudi anatulutsa kanthu kopyapyala ngati kope la mwana wa sitandade wani. "Yoyenda nayo ndi iyi. Batire tinaikamo latsopano, maola sikisi osafuna soketi. Inakalika pang'ono pakona apa, n'chifukwa chake ndatsitsa. 380 sauzande basi."

A Laurenti anakunga manja onse awiri monga amachitira polandira rimu ya lole. Atailandira, manja anaulukira m'mwamba.

"Iwe! Zam'katimu unachotsa?"

"Zonse zilimo, madala."

"Usandipusitse, ine ndagulapo mawailesi opanda kanthu m'kati. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Koma umu ngakhale nyerereyo mulibe!"

Apa ndi pomwe anatulutsa sikelo. Inu, sindikunama. Analonga laputopu m'jumbo, kukoleka pambedza, kukweza m'mwamba, diso limodzi atatsinzina. Anthu odutsa anaima. Mayi wina wogulitsa nthochi anatula dengu kuti aonerere bwino.

"Kilo imodzi ndi kachidutswa," analengeza a Laurenti, ngati dokotala wonena za matenda osachiritsika. "Filiji yathunthu, yonyamula amuna anayi, kusinthanitsa ndi kilo imodzi? Ayi ndithu."

Potembenuka anaona chilaputopu chachikulu chakuda chili pansi, chimene Hamudi ankatsekereza nacho chitseko kuti mphepo isamachimenyetse. Anachinyamula, msana n'kumva kuti eya, apa ndiye pali katundu. Pa sikelo, makilo anayi ndi theka!

"Iyi bwanji?"

"300 sauzande. Komatu madala, imeneyo ndi ya padesiki, yosayenda nayo. Batire lake linatopa kalekale."

"Chotopa chimapuma n'kudzuka. Ngakhale ine ndimatopa."

"Ndinene poyera anthu akumva: kuno katundu akatuluka sabwerera."

"Abwerere kudzatani?"

Kenako anatulutsa kapepala ka a Modesta kaja. Mukuganiza kuti anawerenga? Anakatembenuza n'kuyamba masamu kuseri kwake. Chachikuluchi kilo imodzi siinkakwana 70 sauzande. Kakang'ono kaja kilo imodzi inkadutsa 300 sauzande. A Laurenti anaseka chikhakhali, kugwedeza mutu, kumvera chisoni anthu onse osaphunzira amene amaberedwa dzuwa likuswa mtengo chifukwa chosayenda ndi sikelo. Analipira, kutenga tchaja chake chachikulu ngati njerwa, n'kutuluka akuyenda mopendekera mbali imodzi, koma monyadira.

Madzulo a Modesta atafika anapeza chinthu chija chadzaza tebulo lonse, amuna awo atakhala pambali atapinda miyendo.

"Makilo anayi ndi theka, mayi a Faith. Tchenji n'chimenecho. Ena akanakuberani."

"Kapepala kaja munawerenga?"

"Kanandithandiza kwambiri."

A Modesta anaiyatsa. Inayamba ndi kutsokomola, kenako kulira, kenako kubangula, mphepo yotentha ikutuluka m'mbali mpaka nsalu ya patebulo kumauluka. A Mervis oyandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda.

"Mayi a Faith, mwatsegula chigayo osatiuza? Ndibwere nacho chimanga?"

Asanayankhidwe magetsi anathima, monga amachitira kwathu kuno osatsanzika. Laputopu nayo inathima limodzi ndi babu, ngati anachita kupangana.

"Ikupuma," anatero a Laurenti, koma mawu anali atachepa.

A Modesta mtima unawawawa kwambiri. Anayang'ana pakona pomwe pankakhala filiji, pomwe tsopano panangotsala chidindo cha miyendo inayi pasimenti, misozi n'kulengeza. Koma sanakalipe. Amuna inu mukudziwa: mkazi akakalipa, nkhani yatha, akakhala chete n'kumwetulira, yambani kutsanzika abale.

"Mwachita bwino, bambo a Faith," anatero mofatsa. "Mawa ndi Loweruka. Tikayeserere njira imene ndizidzayenda. Poti inu ndinu odziwa zitsulo, mundinyamulire."

M'mawa ananyamuka pa Chinseu kulunjika kuphiri. A Modesta patsogolo, chimanjamanja, akupereka moni kwa aliyense. A Laurenti pambuyo, chikwama paphewa. Poyamba ankaimba mluzu. Atawoloka mtsinje wa Nasolo mluzu unatha. Atayamba chitunda, m'tinjira tija ta miyala ndi madzi a sopo, anasintha phewa. Kenako anabwerera phewa loyamba. Kenako lamba wa chikwama anaduka, phwii! Laputopu inagwera chala chachikulu cha kuphazi. Laputopu sinamve kanthu. Chala ndiye chinamva zonse.

"Yolimbadi," anatero a Modesta. "Munasankha bwino. Tiyeni."

Inu, munthu wamkulu, wa ndevu zake, anavula chipewa chaubweya chija, kuchipinda nkhata, kusenza laputopu pamutu. Amayi otunga madzi pakiyosiki anasiya zidebe zikusefukira.

"Abambo, muzigwira ndi dzanja limodzi, khosi liwongoke! Simunavinidwe?"

Atafika nyumba ina kumtunda, a Modesta anati, "Apa ndiye ndizidzalemba. Tayatsani tione."

A Laurenti anaodira, kupempha soketi mwaulemu. Mwini nyumba analola. Chigayo chija chitangoyamba kubangula, mita ya magetsi inayamba kulira tswii tswii, mayunitsi akuthawa maso akuona.

"Zulani! Zulani msanga!" anakuwa mwini nyumba. "Amenewa ndi a mwezi wonse! Kodi mwabwera kudzalemba kapena kudzawotcherera?"

Potsika anakumana ndi Onesimo, mnzawo wa ntchito yomweyo ya zitsulo, akukankha wilibala. Onesimo anaima, kuyang'ana katundu wa pamutu uja ndi diso la munthu wodziwa.

"Achimwene, chitsulo chabwino chotere mwachitola kuti? Mugulitsa?"

A Laurenti anafuna kutukwana, koma mpweya unali utatha. Anangotsitsa laputopu n'kuiika mu wilibala, pamwamba pa mapoto obooka. Chomwe chinawapweteka kwambiri n'chakuti inakhalamo bwinobwino, ngati yafika kwawo.

"Mayi a Faith," anatero akupumira m'mwamba, "shopu ija amatseka nthawi yanji Loweruka?"

Anafika ku Limbe Hamudi akusesa, chitseko chikumenyetseka ndi mphepo.

"Madala! Mwabweranso? Paja tinagwirizana kuti katundu sabwerera."

"Sindikubweza. Ndikugulitsa. Gula."

Hamudi anasisita ndevu. "Chabwino. Zitsulo zili pa zingati lero?"

"500 kwacha pa kilo," anayankha a Laurenti msangamsanga, pakamwa patayankha pokha mutu usanafunsidwe.

"Tandibwerekani sikelo."

A Laurenti anaitulutsa, poti sayenda opanda sikelo. Hamudi anakoleka, kukweza m'mwamba, diso limodzi atatsinzina, ndendende mmene anaonera dzulo lake. Mayi wa nthochi uja anatulanso dengu.

"Makilo anayi ndi theka. 2,250 kwacha. Tchaja ndiyeza pachokha."

A Laurenti anakhala pansi pasimenti. "Iwe Hamudi, opa Mulungu! Imeneyo si chitsulo, ndi kompyuta!"

"Sikelo m'shopu muno sindinabweretse ine, madala."

Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo nkhwangwa yake inali yolemera makilo anayi ndi theka.

Apa a Modesta anapita patsogolo. Anapempha kakang'ono kaja. Anazula tchaja okha, kukayatsa, kukhala pabenchi ola lathunthu akuyang'ana batire ngati likuthawa; silinathawe. Anadina batani lililonse limodzilimodzi, kutsegula ndi kutseka kakhumi kuti amve ngati mahinjesi akulira, kuloweka fulashi m'mabowo onse, kuyang'anitsitsa sikirini ngati ili ndi timizere. Kenako anakalonga m'chikwama chawo cha m'manja n'kuyenda nako mpaka pamsewu n'kubwerera. Atatha anamuuza Hamudi zoona zokhazokha: za filiji, za satifiketi ya m'sutikesi, za Lolemba.

Hamudi si munthu woipa, komanso chitseko chinali chitamutopetsa. Anavomera kutenga chigayo chija, koma motsitsa, poti akuti chinali chitakwera phiri n'kukweranso wilibala. Ataphatikiza ndi tchenji chija, panatsalabe kampata. A Modesta anapisa m'chikwama, mulibe. A Laurenti anapisa m'matumba, anangopezamo kapepala kaja.

Maso a Hamudi anatera pa sikelo. "Mayi kunyumba amagulitsa mpunga. Yawo inathyoka mbedza."

A Laurenti anaikumbatira pachifuwa. Sikelo ya zaka makumi awiri! Sikelo imene inamanga nyumba ya zipinda ziwiri! Anayang'ana akazi awo kuti awathandize kukana, koma a Modesta anangoweramitsa mutu, dzanja lili pa kalaputopu kaja, mapazi ali fumbi lokhalokha la kuphiri. Manyazi anawagwira a Laurenti, chisoni n'kubwera pambuyo pake. Anaipukuta sikelo ija ndi chipewa, n'kuipereka akuyang'ana kumbali.

"Uziithira mafuta pasipuling'i," anatero. "Siikonda chinyezi."

Pobwerera anaumirira kuti anyamule okha, poti mwamuna ndi mwamuna. Anamanga mfundo lamba woduka uja, chikwama pamiyendo. Minibasi itafika cha ku mafakitale a Makata anachinyamula pang'ono kuti akhale bwino, n'kumva chapepuka ngati mulibe kanthu.

"Imitsani galimoto! Andibera! Asatsike munthu!"

Dalaivala anaponda buleki, mayi wina kugunditsa chipumi, nkhuku ya munthu kulira pansi pa mpando. Aliyense anagwira thumba lake n'kuyang'ana mnzake moipa. A Modesta anatambasula dzanja mwakachetechete, kutsegula zipi. Kalaputopu kali phee m'katimo.

Kondakitala anapukusa mutu. "Madala, vuto lanu mwazolowera kunyamula mavuto."

Lolemba a Modesta anafika ku ofesi nthawi isanakwane, ndipo ntchito anayamba. Mukadzuka m'mawa muwaona akukwera chitunda cha kuphiri, kachikwama kakulendewera paphewa ngati mulibe kanthu, magetsi azime asazime. A Laurenti akadali pamalo awo paja pa Chinseu. Masiku ano amayeza zitsulo ndi manja, akunyamula n'kutsinzina diso, ndipo kasitomala akakana amakabwereka sikelo ya Onesimo, amene sabwereketsa asanafunse funso lake lomwelija anthu onse akumva:

"Achimwene, paja laputopu ya alamu ija inakwana zingati pa kilo?"

A Laurenti amakonza chipewa, kutsokomola ngati mkulu wa mpingo, n'kunena kuti, "Mphwanga, zinthu za m'banja sitiyeza pa sikelo."

Kenako, motsitsa mawu: "Komanso sikelo yake ikuyeza mpunga ku Limbe."