Tsiku Limene Ndinathandiza Intaneti ndi Ngowe

Ndiyambe ndi kunena kuti sindinali mwana wowononga zinthu. Mbale ndinkazinyamula ndi manja awiri, mabuku ndinkawakutira bwinobwino. N'chifukwa chake zimene ndinachita Loweruka lija zinadabwitsa aliyense, ngakhale ine ndemwe.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndili Giredi 8. Ndinkakhala ku Chalimbana ndi amalume, amene anali mphunzitsi. Manyazi ndinali nawo osasimbika: mlendo akandifunsa dzina, ndinkayankha chala chakuphazi chikukumba pansi. Mafunso anali thoo m'mutu, koma ndinkangowalemba m'kabuku kanga (kabukuko sikankayankha, koma sikankandisekanso).

Amalume anali atagula kompyuta yakale ku Lusaka, n'kuilumikiza ku waya wa foni. Mnzawo pa zimenezi anali ba Tembo, okonza mawailesi ku Chongwe. Loweruka lililonse awiriwa ankakhala patsogolo pa kompyutayo. Kabokosi kena pambali pake kankalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, kenaka kudikira kunkayamba.

"Ba Tembo, lafika tsamba lija?"

"Likali pa siteshoni ku Lusaka. Liyembekeza minibasi idzale."

"Awe, ine namva lakwera ngolo ya ku Bundabunda. Ng'ombe imodzi niyotsimphina."

Vuto linali lakuti ankanena zonsezi nkhope zili gwa, osamwetulira n'komwe. Ine ndikusesa pakhomo ndinkamvetsera, osadziwa kuti zoona zathera pati, nthabwala zayambira pati. Za ngolo ndinkakayika ndithu. Koma nanga chithunzi chathunthu chimadutsa bwanji m'waya woonda ngati udzu? Chimapindidwa? Chimasungunuka?

Loweruka limenelo kunabwera amayi aakulu, mlongo wa amalume, kuchokera ku Kanakantapa. Mwana wawo, a Mabvuto, anali pasukulu kutsidya kwa nyanja, ndipo anali atakwatira komweko mkazi amene palibe wa kwathu anamuonapo. Chithunzi cha ukwati anachiika pa intaneti. Amayi aakulu anasiya dimba la tomato, n'kuvala chitenje chatsopano, kubwera kudzaona nkhope ya mpongozi wawo. Anayenera kubwerera ndi minibasi yomaliza, chifukwa mvula inali itayamba ndipo msewu wa kwawo suchedwa kusanduka phala.

Chithunzi chinayamba kutsika kuchokera pamwamba, kamzere kamodzikamodzi. Poyamba mitambo. Kenaka denga la tchalitchi. Patapita nthawi, tsitsi la a Mabvuto, kenaka nkhope yawo yonse. Kumbali ya mkwatibwi kunali kudakali khoma lokhalokha.

"Yona," anatero amayi aakulu poitana amalume, "mkazi ali kuti?"

"Ali pansi, ba sisi. Abwera."

"Nanga anasankhiranji wamfupi? Tizagona pano!"

Nsonga ya chovala choyera chakumutu itangoonekera, zonse zinaima. Tinadikira. Amayi aakulu ankayang'ana kompyuta, kenaka dzuwa, kenaka kompyuta. Ba Tembo anasuzumira pawindo n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Amai, onani mbalame zija pa waya. Zamuponda mpongozi wanu. Azapita bwanji?"

"Nizoona," anavomera amalume. "Zija nizolema maningi."

Izi zokha zinandimvekera! Kudimba ukaponda paipi, madzi amaima. Ukachotsa phazi, amayenda. Ndinatuluka mwakachetechete, poti kuchita chinthu kunali kwapafupi kwa ine kuposa kufunsa.

Pawaya panali anamzeze ndandanda, ngati ana asukulu pamzere wa m'mawa. Ndinayamba ndagunditsa khutu pamtengo wa waya. Munkamveka kulira kwapansipansi, nduuu, ndipo ndinati mumtima: ndi yemweyo, wapanikizika. Ndinaomba m'manja. Mbalame zonse balala!

Nthawi yomweyo m'nyumba munamveka mfuu: "Eya! Chipumi! Chipumi chabwera!"

Inu, mukanakhala ine mukanaganiza chiyani?

Anamzeze anazungulira n'kuteranso. M'nyumba munati zii. Ndinatola chitsononkho n'kuponya (chinaphonya kutalitali, koma zinauluka).

"Maso! Yona, ali na maso!"

Apa ndinadziona ngati munthu wofunika m'dziko. Ndinali nditatulukira chimene aphunzitsi ndi okonza mawailesi ankangochidandaula atakhala pampando. Ndinkaganiza kale mmene ndidzazilembere madzulo, ndi mzere kunsi kwake.

Mbalamezo zinabweranso, ulendo uno pafupi ndi nyumba, pamene waya amachoka pamtengo kukalowa pakhoma. Ndinaona kuti pamenepo waya anali wolendewera pakati, ndiye kuti mkwatibwi ankayenera kukwera chitunda asanalowe m'nyumba, atavala diresi lalitali. Pamtengo wa mango panali potsamira ngowe yathu yothyolera zipatso. Ndinati ndingomukweza wayayo pang'ono, n'kumugwedeza, kuti chotsalacho chitsetsereke.

Kukweza kunatheka. Kugwedeza kunathekanso. Pochotsa ngowe ndi pamene inakola. Ndinakoka mwaulemu, inakana. Ndinakokanso, mwaulemu wocheperako.

Thwa!

Waya anazuka pakhoma n'kugwera m'maluwa. Munthu wanzeru akanathawa. Ine ndinathamangira nsonga ya wayayo, kuisuzumira kuti ndione ngati mukutuluka kanthu, kenaka ndinaitseka ndi chala chachikulu n'kuikweza m'mwamba. Amalume atatuluka anandipeza choncho, ngowe ili paphewa.

"Iwe, uchita chani?"

Mawu anatuluka ochepa ngati a udzudzu. "Nagwira kuti asatayike."

"Asatayike ndani?"

"Alamu. Kuyambira pamphuno."

Ba Tembo anakhala pansi pakhonde, mpweya utawathera ndi phwete. Ankayesa kulankhula, n'kungoloza mbalame, n'kuyambiranso. Amalume anagwira m'chiuno kwa nthawi yaitali, akuyang'ana bowo pakhoma.

"Nindani anakuuza zimenezi?"

Ndinangotembenuzira maso kwa ba Tembo, kenaka kwa amalume eni akewo. Anatsokomola, n'kundiuza kuti ndikhoza kuusiya wayayo.

Kulowa m'nyumba kunali kovuta kuposa zonse. Amayi aakulu anali atasendera pafupi ndi kompyuta. Pagalasi panali a Mabvuto mpaka m'khosi, ndi mkwatibwi mpaka pakati pa mphuno. Kunsi kwake kunali mbee. Ndinagwada pakhomo, misozi ikulengeza, ndikudziwa kuti ulendo wawo wonse ndauthera ine. Iwo anali kusisita tsaya la mwana wawo pagalasipo ndi chala.

"Waonda," anatero chapansipansi. Kenaka anayang'anitsitsa mkwatibwi. "Maso niyabwino. Niyaulemu. Pakamwa alibe?"

"Pakamwa pasala mu waya, ba sisi."

Kumsewu minibasi inaliza hutala. Amayi aakulu anaimirira, n'kumanga chitenje. Atafika pamene ndinagwada anandigwira pamutu.

"Leka kulira, mwana wanga. Musiyeni momwemo. Mpongozi wopanda pakamwa, nindani anamupezapo mu Zambia muno?"

Anapita akuseka, koma pokwera minibasi ndinawaona akucheukira kunyumba kwathu, ndipo chimenecho chimandiwawabe. Okonza mafoni anachedwa kubwera, mvula inadula msewu, moti nkhope yonse ya mpongozi wawo anadzaiona chimanga chitauma kale.

Ndinaphunzira kuti amuna awiri akamalankhula nkhope zili gwa patsogolo pa makina, ndi bwino kuyamba wafunsa, ngakhale mawu akunjenjemera. Ndinafunsadi. Ba Tembo anandikhazika pansi n'kundifotokozera bwinobwino kuti mbalame sizingaponde chithunzi, ndipo kuti chipumi ndi maso zija zinangofika mwamwayi.

Ndinavomera ndi mutu, poti ndi aakulu. Koma mwamwayi kawiri konse?