Chikho cha Mgonero ndi Ufa wa Kuntchito

Loweruka limenelo kunkatentha mwa ku Durban, kuja malaya amakakamira pamsana. Mataxi ankaliza mahutala m'misewu ya Phoenix, mbalame zakuno za milomo yaitali zikukuwa padenga ngati zikundiletsa. Ine osamva.

Mkazi wanga ali moyo, ndiye ankatsuka chikho cha Mgonero kumpingo kwathu. Atamwalira, ndinapempha kuti ntchitoyo isachoke pakhomo panga. Mayi Nasibeko, mtsogoleri wa amayi, anandiyang'ana mokayika.

"Abambo, siliva ndi wosalimba mtima. Mukwanitsa?"

"Mayi, ine ndimawalitsa miyala ya pamanda. Chikho n'chiyani?"

(Kunyada kumalowa ngakhale mwa munthu wofatsa.)

Kuntchito timapalira miyala ndi ufa wakuda wotchedwa silikoni kabayidi. Kapitawo wathu amati pa kuuma umatsatana ndi dayamondi, ndipo amapangira ngakhale tizipangizo ta m'magalimoto amagetsi, poti suopa kutentha. Ndinati mumtima, Ambuye ayenera zabwino koposa. Ndinapemphako pang'ono.

Loweruka lija ndinanyowetsa nsalu, n'kupaka ufawo, n'kuyamba kukwecha ndikuimba nyimbo. Potsukuluza, ndinaona timizere paliponse. Sindinade nkhawa: mwala ukakandika, umatenga ufa wosalala n'kupitiriza. Ndinapitiriza. Kenako pambali panatuluka kabanga kachikasu. Ndinati limeneli ndi litsiro lakale lomwe malemu ankalilephera (andikhululukire kumene aliko). Ndinalimbikira. Kabanga kanasanduka banga. Apa m'pamene ndinazindikira kuti siliva uja anali wongokutira pamwamba, mkati ndi mkuwa.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinaona kuti chikho cha mawangamawanga n'chochititsa manyazi, bola chifanane. Ndinakwecha chonse.

Lamlungu abusa anavundukula nsalu, nakweza chikho, nachitembenuza, nandiyang'ana. Anangopitiriza pemphero.

Titatuluka, ndinapita kwa Mayi Nasibeko kukaulula. Sanandilole kumaliza.

"Amayi, bwerani muone!" anaitana. "Ku Kana madzi anasanduka vinyo. Kuno abambowa asandutsa siliva kukhala golide!"

"Eish, abambo, mphatso yotereyi mumaibisiranji?" anatero wina.

Sabata yotsatira ndinapeza pampando wanga kutchalitchi thumba la masupuni, mafoloko ndi chivundikiro cha poto. Pamwamba pali kapepala: Tikufuna pofika Khirisimasi.

Chikho anachitumiza kwa amisiri kuti akachikutirenso, ndipo pano chimagona kwa Mayi Nasibeko. Zinandipweteka, chifukwa kusunga chikhocho kunali ngati kusungako manja a mkazi wanga. Ine anandipatsa ntchito yokolopa pakhonde.

"Pamenepo kwechani mmene mungathere, a Golide," anatero Mayi Nasibeko. "Simenti ilibe chokutira."

Dzinalo linandikakamira, ngakhale abusa linawapulumuka pa zolengeza. Ndinawakhululukira.