Apongozi M'lichero

Mpaka lero, munthu akatsokomola m'mudzi muno, anthu amayamba ayang'ana ine. Ndinaziputa ndekha.

Ndili woyembekezera, anamwino a kusikelo anatichitira zodabwitsa. Anathira ufa pachikhatho n'kutsokomolerapo. Ufa uja fwaa, mpaka pansalu yanga yachipani! "Mwaona? Chifuwa chimayenda chonchi, m'timalovu tosaoneka. Khanda likapuma timeneti, ladwala basi." Ndinabwerera kumudzi ndikuzemba aliyense woyetsemula.

Tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, apongozi anga aamuna anaoloka kuchokera ku chilumba cha Chisi atanyamula matemba. Chifuwa chawo ndinachimva akadali kunjira. Khoo! Khoo! Ngati injini ya boti la ku Kachulu ikukana kulira.

(Dziwani kuti apongozi ndinali ndisanawayang'anepo kumaso. Ndinkagwada patali, nkhope kumbali, mawu n'kudzera kwa amuna anga.)

"Bweretsani mdzukulu wangayo ndimuone," anatero atakhala pamkeka.

Ndinanong'oneza amuna anga: "Auzeni wagona." Mwana pompo n'kuyamba kulira (alibe chinsinsi ameneyu).

"Auzeni wakodza."

"Mkodzo wa mdzukulu ndi madalitso!" anaseka apongozi. Khoo!

Amayi anga, amene ankapeta mpunga pambali, anaika lichero pansi n'kunditsina. "Iwe, usatichititse manyazi." Anandilanda mwana n'kumupereka. Apongozi anawerama, ndevu kukhudza kamphuno kake. Ndinaona mapewa awo akukwera, pakamwa pakutseguka. M'maso mwanga ufa uja basi!

Chinandinyamula sindichidziwa. Ndinatola lichero lija, mpunga uli momwemo, n'kuwavundikira nalo kumaso.

"Tsokomolerani umo, bambo!"

Mpunga ukuyoyoka m'ndevu, nkhuku zikuthamangira. Amayi manja kumutu. Amuna anga anayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula.

Apongozi anatsokomola m'licheromo mpaka kumaliza, kenaka anasuzumira pambali. "Mwana wanga, kani mkazi wakoyu amayankhula?"

Ndinafotokoza za ufa uja, nkhope kumbali. Iwo anandibwezera mwana n'kukakhala patsinde pa mango. "Ndimuonera konkuno. Mumukwezeko pang'ono."

Mwana sanadwale. Koma amuna anga, amene anacheza ndi bambo awowo mitu pamodzi tsiku lonse, anatsokomola mpaka mwezi kufa. Ndinawayalira pakhonde.

Amayi amati ndikanangopempha mwaulemu. Akunena zoona, ndipo manyazi ake sanathebe. Koma lichero lija ndimalikoleka pafupi ndi khomo, ndipo apongozi akamabwera amayamba aliyang'ana.