Masamba Anga Ofiira Sindisesa

Lolemba, 9 Juni

Ndalengeza pa tiyi wam'mawa: sabata ino tsache lisayandikire mtengo wanga. Amuna anga, bambo a Temwa, angondiyang'ana n'kupitiriza kuuzira tiyi wawo.

Mtengo wake ndi uwu wa patsogolo pa khonde, wa mathunthu asanu osalala. Amene anandigulitsa mbande yake ku Jenda anautchula kuti kirepu metulo, koma kuno kwa Mzimba onse amangoti mtengo wa amayi a ku Dedza aja, kunena ine. Ndinaudzala tsiku lomwe tinalowa m'nyumba yathuyathu, titatopa ndi za lendi kumene ngakhale tsabola sankatilola kudzala. Nthawi ya mvula umachita maluwa apinki okwinyika. Koma ine ndimaukondera mwezi uno, pamene masamba amasanduka achikasu, kenako ofiira psu, n'kuyoyoka. Chaka chilichonse ndimawasesa ndisanawaone n'komwe. Chaka chino ayi!

Dongosolo:
1. Masamba akhale pomwe agwera mpaka Loweruka.
2. Loweruka ndiwaunjike patsinde, aolere pomwepo, asunge chinyezi.
3. Madzi pang'ono chabe. Mtengo ukupuma, sukudwala.
4. Kudulira ndi mwezi wamawa, tinthambi touma tokha.

Bambo a Temwa akuti mtengo wothothoka masamba ndi makungwa omwe ndi nkhuni basi. Nkhwangwa yawo ili kuseri kwa chitseko, ndaiona. Aiwale!

Lachiwiri, 10 Juni

Pansi pafiira mokongola zedi. Ndakhala pakhonde, juzi ziwiri, kapu m'manja, kungoyang'ana. Ndinapuma pantchito ya uphunzitsi kuti ndizichita zimenezi.

A Nyagondwe, neba wa kumtunda, aima pampanda ndi tsache lawo. "Mwauka makola, amama? M'thupi muli bwino?" Ndili bwino. "Kapena tsache latha? Ndikubwerekeni." Ndawafotokozera za chinyezi ndi manyowa, mofatsa, monga ndinkachitira m'kalasi. Angoti "yewo" wokoka uja, wa munthu amene wamva koma sanakhulupirire.

Kuno ukhoza kukhala wamiseche, waulesi, wotukwana, bola pabwalo pako paoneke mizere ya tsache dzuwa lisanatuluke, ndiwe mayi wabwino. Ine sindisesa.

Lachitatu, 11 Juni

Mphepo! Theka la masamba anga lasamukira kwa a Nyagondwe. Ndikuwamva akusesa mwamphamvu kuti ndimve.

Kumsika, mayi wa tomato wandionjezera prize wambiri n'kunena kuti, "Phepani chomene, mwayamba kuyendako?" Pofika pa usipa ndamva matenda anga onse:
- shuga
- kuthamanga kwa magazi
- banja likutha

Bambo a Temwa abwera atakwiya. Kometera tsitsi awafunsa ngati ndinabwerera kwathu ku Dedza. "Mukundichititsa manyazi chifukwa cha zinyalala," akutero, ndipo atenga tsache okha n'kutuluka nalo panja. Mwamuna wa Chingoni, imvi mbuu, tsache m'manja, masana dzuwa likuswa mtengo! Ndawalanda asanasese kawiri, koma a Nyagondwe aona kale. Ndaona mutu wawo ukutsika kuseri kwa mpanda.

Tsamba lililonse labwerera pamalo pake. Ndalibweza ndi phazi.

Lachinayi, 12 Juni



Itangokwana thuu koloko ndamva nyimbo kumsewu. Amayi a kumpingo, asanu ndi anayi, mayunifolomu oyera, a Nyagondwe patsogolo. Abwera kudzaona wodwala. Akuti mwamuna akafika pogwira tsache ndiye kuti mkazi wagonekeratu.

Abweretsa:
- shuga (wodwala shuga!)
- nthochi
- sopo
- mtolo wa nkhuni

Ndikuti sindikudwala. "Olimba mtima amatero ndithu," akutero amayi apampando, n'kundikhazika pasofa, chitenje m'miyendo. Pemphero lalitali, maso otseka. Pakati pa pemphero ndikumva tsache limodzi, kenako awiri, kenako fungo la utsi. Ungadzuke bwanji anthu akukupempherera? Pofika pa ameni, atatu mwa iwo asesa bwalo lonse mbee, aunjika masamba anga patsinde penipeni, n'kuyatsa.

Mathunthu awiri ada bii mbali imodzi. Mtima wanga ukuwawa kwabasi, koma anthu amene akubweretsera sopo sungawakalipire. Ndawaperekeza mpaka pamsewu ndikunena kuti yewo chomene, yewo chomene.

Lachisanu, 13 Juni

Masamba otsala afota ndi moto uja, agwa onse. Si ofiira, ndi otuwa. Ngakhale choncho sindisesa!

Bambo a Temwa aima pamtengo, manja kumbuyo. "Tsopano ngakhale wakhungu angaone kuti wauma." Ndakanda khungwa ndi chikhadabo: mkati mobiriwira, monyowa. Ndawakokera mutu pafupi kuti aone. Akuti iwo si katswiri, ndipo inenso si katswiri. Mawa kukubwera mng'ono wawo amene amacheka matabwa ku Chikangawa, adzagamule ndi iyeyo. Akati wafa, ugwa.

Ndavomera, chifukwa ndikudziwa kuti uli moyo. Komabe nkhwangwa ndaikulunga m'chitenje n'kuiika kunsi kwa bedi.

Loweruka, 14 Juni

M'mawa. Alamu afika, jekete yodzaza utuchi, chikwama kumsana. Auzungulira mtengo kawiri, augogoda, aukanda, aununkhiza. "Uli moyo uwu, alamu. Wamoyo chomene." Ndaimba nthungululu ndekha pabwalo, a Nyagondwe amve! Bambo a Temwa akuyang'ana nsapato zawo. Ndikupita kumsika kukagula tambala, munthu uyu adye bwino.

Masana. Ndabwerako, tambala m'khwapa, ndipo ndaidutsa nyumba yanga. Sindinaizindikire.

Patsala thunthu limodzi. Limodzi! Lopanda nthambi mpaka pamwamba, chilili ngati mtengo wa mbendera pasukulu. Ena anayi ali pansi, odulidwa bwinobwino mofanana. M'chikwama muja munali sowo.

Alamu akumwetulira, thukuta kamukamu. "Ndakukonzerani, alamu. Asanu amalimbirana chakudya. Ku paini timasiya umodzi wowongoka, mbwenu pakapita zaka mupeza thabwa labwino."

Thabwa! Ndani wapempha thabwa? Ndalira kukhitchini ndikusosola tambala, ndalira zenizeni. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuulera. Kenako ndawapatsa alamu nthutumba, poti mlendo ndi mlendo, ndipo anachita zonsezi pondikonda.

Lamulungu, 15 Juni

Ndasesa. Palibe chosesa koma utuchi, koma ndasesa bwalo lonse, mizere yowongoka, isanakwane sikisi. A Nyagondwe pampanda: "Mwachira, amama! Tawonga Chiuta." Eya, ndachira.

Nkhwangwa ndaibweza kuseri kwa chitseko. Ilibenso ntchito. Chaka chino mthunzi kulibe, ndipo masamba ofiira a chaka chamawa adzakwana m'mbale imodzi. Ndagonja, anthu a kwa Mzimba apambana.

Titaweruka kutchalitchi, bambo a Temwa atola nthambi zodulidwa zija, azisongola, azikhoma pansi kuzungulira kadimba ka mpiru kuti nkhuku zisamalowe. Zikhomo makumi awiri ndi zitatu. Akunyadira kuti mtengo wanga wagwira ntchito koyamba. Sakudziwa kuti mtengo uwu ukaubaya pansi nthawi yozizira umamera ngati chinangwa, ndipo ine sindiwauza.

Madzulo ndatenga kheni, ndikuthirira chikhomo chilichonse, pang'onopang'ono. A Nyagondwe asiya kuanula zovala.

"Amama, mukuthirira mpanda?"

"Eya."

Angoti "yewo" n'kulowa m'nyumba mwachangu. Lachinayi ndiyembekezere alendo.